Thupi la Mayi Si Ngolo (Gawo Lachiŵiri)

Chaka ndi chaka pa 23 May, kuyambira mu 2013, dziko lapansi limakumbukira amayi odwala fistula. Komatu pali vuto lina lofala koposa, limene manyazi amalibisa. Mayi akabereka kangapo, minofu ya pansi pa chiuno, imene imachirikiza chikhodzodzo ndi chiberekero, imatha kufooka, kotero kuti akatsokomola kapena kuseka mkodzo umadontha.

Ena amati amayi a ku Chezi safunika maseŵera olimbitsa thupi popeza amakwera zitunda atasenza nkhuni ndi madzi. Kumeneko n'kulakwa. Katundu wolemera ndiye amakankhira ziŵalozo pansi, ndipo kudumpha poseŵera ntchemberembaye kumachita chimodzimodzi kwa mayi wofooka kale.

Chothandiza ndi njira imene dokotala Arnold Kegel analongosola mu 1948. Mayi agone chagada, afinye minofuyo monga akuletsa mkodzo, aŵerenge mpaka zisanu akupuma bwinobwino, kenaka amasule. Achite zimenezi kakhumi, katatu pa tsiku, koma osati pamene akukodza. Phindu lake limaoneka patapita miyezi ngati itatu, choncho asataye mtima.

Koma ngati mkodzo ukuchucha usana ndi usiku atabereka movutikira, imeneyo ingakhale fistula, ndipo maseŵera sangaichize. Apite ku chipatala. Opaleshoni yake imachitika pa Bwaila ku Lilongwe.

Aphunzitsi, kambani zimenezi pa misonkhano ya makolo. Ndipo inu anyamata otsiriza sukulu, alandireni amayi anu mtolo wa nkhuniwo.