Magazi akhoza kuulula za khansa ya m'matumbo: nanga ife a ku Tete tipindulapo ciani?

Kodi mukumukumbuka Pelé, katswili wa mpila wa ku Brazil uja? Anamwalila pa 29 Disembala 2022 atadwala khansa ya m'matumbo aakulu. Matendawa si a anthu ochuka okha. Bungwe la WHO linawelengela kuti m'caka cimeneco, anthu pafupifupi 1.9 miliyoni padziko lonse anapezeka nawo, ndipo oposa 900,000 anafa.

Lelo tikambe za khansa imene imagwila thumbo lomalizila, lija limasunga cimbudzi cisanatuluke. Kucipatala kuno mudzamva akuti cancro do recto. Ndi nkhani yocititsa manyazi, inde. Koma madokotala akunja akuyesa njila yodziwila mmene wodwala khansa imeneyi adzakhalile, pongoona magazi ake. Ndi bwino mudziwe zimene njilayi ingathe ndi zimene singathe.

Mbewu zoyenda ndi madzi

Thupi lanu linamangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tochedwa maselo, monga nyumba imamangidwa ndi njelwa. Khansa imayamba maselo ena akayamba kuculukana mosalekeza mpaka kupanga cotupa. Cotupa cikakula, maselo ena amathothoka n'kulowa m'magazi.

Ganizilani Zambezi nthawi ya dzinja. Madzi amakokolola mbewu kumtunda, n'kukazisiya pagombe lina kutali, ndipo kumeneko zimamela. Maselo a khansa amacitanso cimodzimodzi. Ambili amafela m'njila, koma ena amakakhazikika m'ciwindi kapena m'mapapo. Zikafika apo, kuciza kumavuta kwambili.

Woyamba kulemba za maselo otele m'magazi anali dokotala wa ku Australia, Thomas Ashworth, mu 1869. Koma kuwawelenga kunali kovuta. M'supuni imodzi ya magazi muli maselo abwinobwino mabiliyoni ambili, pamene a khansa amangokhala atatu kapena asanu. Zili ngati kufunafuna njele zitatu za mapila m'nkhokwe yodzaza cimanga.

Zimene ofufuza anapeza

Mu 2004, boma la America linavomeleza makina ochedwa CellSearch kuti aziwelenga maselowa mwa odwala khansa ya m'mawele. Mu 2007 linawavomelezanso pa khansa ya m'matumbo imene yafalikila kale. Amatenga magazi okwana 7.5 ml, ndiye kuti supuni yaing'ono imodzi ndi theka.

Mu 2008 kunatuluka zotsatila za kafukufuku wa odwala 430 amene khansa yawo ya m'matumbo inali itafalikila. Pa amene anapezeka ndi maselo atatu kapena kuposa, theka anali atamwalila pofika miyezi 9 ndi masabata angapo. Pa amene anali ndi maselo osakwana atatu, theka anapyola miyezi 18. Mwaona kusiyana kwake? Magazi anaonetsa amene matenda awo akuthamanga.

Pambuyo pake ofufuza anayamba kufufuzanso tizidutswa ta DNA timene maselo a khansa amasiya m'magazi akamafa. Mu 2022, gulu la dokotala Jeanne Tie ku Australia linalengeza zimene linapeza pa odwala 455 amene anacotsedwa cotupa m'matumbo aakulu. Pamene madokotala anatsatila zimene magazi aonetsa, odwala 15 okha pa 100 alionse ndiwo anapatsidwa mankhwala aukali aja a quimioterapia. Pamene anatsatila njila yakale, anali 28 pa 100. Koma patapita zaka ziwili, magulu onse awili anali bwino mofanana. Ndiye kuti anthu ambili anapulumuka ku mankhwala amene sanali kuwafunikila.

Cifukwa cake nkhaniyi ndi yaikulu pa thumbo lomalizila

Khansa ya pamalo amenewa ikakula, nthawi zambili amayamba ndi kutentha cotupa ndi kuwala kwa makina, kumene amati radioterapia, pamodzi ndi mankhwala. Kenako amacita opaleshoni. Cotupa cikakhala pansi kwambili, munthu amatsala ndi kathumba pamimba kolandila cimbudzi moyo wake wonse.

Mu 2004, dokotala wa ku São Paulo, mayi Angelita Habr-Gama, anaonetsa kuti odwala ena cotupa cimathelatu ndi radioterapia ndi mankhwala, ndipo angathe kukhala osacitidwa opaleshoni, bola aziyezedwa kawilikawili. Funso ndi lakuti: ndani angadikile, ndipo ndani ayenela mpeni msanga? Apa m'pamene ofufuza akuyembekeza kuti magazi athandiza kusankha.

Tibwele kwathu

Wodwala wocokela ku Matundo, ku Moatize kapena ku Ulóngwè amayambila ku centro de saúde, n'kutumizidwa ku Hospital Provincial de Tete. Kuti atsimikize kuti ndi khansa, amafunika kudula kanyama pa cotupa kuti akatswili akaone pa makina. Akatswili otele ndi ocepa m'dziko muno, ndipo ambili ali m'zipatala zikuluzikulu za ku Maputo, Beira ndi Nampula. Makina a radioterapia anatsegulidwa ku Hospital Central de Maputo mu 2019, caka comwe unduna wa zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi khansa ya zaka 10. Koma kucoka kuno kukafika ku Maputo pamsewu ndi makilomita oposa 1,500. Muwelengele ndalama ya ulendo, cakudya, pogona, ndi munthu wokudwazikani. Munda utsala ndi ndani?

Apa ndiye pali ciyembekezo. Kabotolo ka magazi kamayenda mosavuta kuposa munthu wodwala. Magazi a CellSearch amatha kudikila masiku anayi asanayezedwe, nthawi yokwanila kukwela ndege ku Chingodzi. Tsiku lina magazi angamauze dokotala kuti uyu apite ku Maputo msanga, uyu angadikile kunyumba.

Koma tisathamange. Coyamba, makinawa ndi odula, ndipo ngakhale m'maiko olemela sapezeka m'cipatala ciliconse. Si cinthu cimene mungakapemphe mawa m'mawa. Caciwili, magaziwo safuna kutentha kopyola madigili 30, pamene kuno mu Okutobala timapyola 40. Cacitatu, khansa ikakhala yaing'ono, kawilikawili maselowa sapezeka m'magazi. Munthu akadzakuuzani kuti wakuyezani magazi ndipo mulibe khansa ya m'matumbo, pamene inu mukuona zizindikilo, musakhutile. Ndipo kumbukilani, kuyeza kumangolosela, sikuciza.

Cimene cimalosela bwino kuposa makina

Pali cinthu cimodzi cimene madokotala onse amagwilizana: nthawi imene wodwala wafikila kucipatala. Ku America, pa anthu 10 amene khansayi yapezeka isanacoke m'thumbo, pafupifupi 9 amakhala ali moyo patapita zaka zisanu. Ikapezeka itafika kale ku ziwalo zakutali, sakwana awili.

Vuto lathu ndi lakuti magazi m'cimbudzi tinawazolowela. Timati ndi mudzi, kapena kamwazi, kapena likodzo la kumtsinje. Nthawi zambili zimakhaladi zimenezo. Koma mukamwa mankhwala n'kuona kuti sizikusintha, bwelelani. Samalani ndi izi zikapitilila masabata angapo: magazi kapena zonanda m'cimbudzi, kusinthasintha pakati pa kutsegula m'mimba ndi kudzimbidwa, cimbudzi copyapyala, kumva ngati simunamalize olo mwangocoka kumene kucimbudzi, kuonda popanda cifukwa, ndi kufooka kwa kucepa magazi. Ngati bambo, mayi kapena m'bale wanu anadwalapo khansa ya m'matumbo, muuzeni dokotala.

Zotupa zambili za m'thumbo lomalizila dokotala amatha kuzikhudza ndi cala atavala gulovu. Sizitenga mphindi zambili, sizifuna magetsi, sizifuna ndege. Musaope kupempha kuti akuyezeni motelo. Ngati Cipwitikizi cikukuvutani, pitani ndi wacibale wokumasulilani. Akakupatsani guia de transferência, musaisunge m'cikwama kudikila kukolola.

Boma lili ndi mbali yake: akatswili ambili kuno kumtunda, zotsatila zobwela msanga, ndi thandizo la ulendo kwa wodwala. Zimenezo tiziwafunsa atsogoleli athu. Makina owelenga maselo m'magazi adzafika nthawi yake, koma adzathandiza yekhayo amene wafika kale pakhomo la cipatala. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko.