Pamiyala Tibzalepo Maluwa

Anzathu, kuseri kwa nkhokwe ya koperativa kuli malo a miyala yokhayokha. Khasu limangolira, chimanga sichibereka. Ife tikuti pamenepo tibzalepo maluwa.

Ena amafunsa kuti, "Kodi maluwa amadyedwa?" Funsoli ndi lomveka, pakuti njala si masewera. Tikuvomera kuti manyowa, dimba ndi madzi a pachitsime ndi za chimanga ndi ndiwo. Koma duwa limene tikunenali silipempha zimenezo.

Dzina lake ndi popi wa ku California, dera la ku America. Anthu a kumeneko analisankha kukhala duwa la dera lawo mu 1903. Mtundu wake uli ngati lalanje lakupsa. Limatalika pafupifupi masentimita 30. Limakonda dzuwa ndi dothi la miyala losasunga madzi. Panthaka yachonde limangochulutsa masamba, maluwa n'kuchepa.

Kubzala kwake n'kosavuta. Kuno ku Angónia tifese mvula ikamatha, mu Malichi kapena Epulo, chifukwa madzi ochuluka amaoletsa mizu. Tifese pamalo pomwepo, osakwirira kwambiri. Tisaokere ayi. Muzu wake ndi umodzi wautali, ukaduka mmera umafota. Mbewu zimamera pakatha masabata 2 kapena 3. Tikamapatulira, tisiye mpata wa chikhatho chimodzi.

Nanga tipindula chiyani? Njuchi zimabwera kudzatola mungu. Njuchi zomwezo ndi zimene zimabereketsa maungu ndi mpendadzuwa wathu. Mizu imagwira dothi kuti lisakokoloke. Nawonso ana athu aphunzira ndi maso: duwali limatseka madzulo ndi kukachita mitambo, n'kutsegula dzuwa likawala.

Tichenjere pa zinthu ziwiri. Choyamba, zikhokhombe zake zikauma zimathetheka n'kumwaza mbewu. Tizidule zisanaume kuti duwali lisalowe m'minda, tingosiya zochepa za mbewu ya chaka chamawa. Chachiwiri, tisalisokoneze ndi chitsamba chaminga cha maluwa achikasu chimene chimamera m'mbali mwa misewu. Chimenecho chimatuluka madzi achikasu chikathyoledwa, ndipo njere zake ndi poizoni zikasakanikirana ndi chakudya.

Tinaphunzira kugwira pensulo tili akuluakulu, ena akuti sitingathe. Nawonso malo aja tisawaweruze kuti ndi opanda ntchito. Ntchito yake ndi ya m'mawa umodzi wokha, kumunda sikuima. Nkhokwe idzaze, ndipo pakhomo pake pakongole. Tiyeni tikambirane pa msonkhano ukubwerawu.