MPHAMVU ILI M'NG'ANJO, OSATI M'MGODI

M'mwezi wa April 2025 boma la China linalamula kuti mitundu isanu ndi iwiri ya zitsulo zochedwa rare earths, pamodzi ndi maginito okhala ndi zitsulozo, isatuluke m'dzikomo popanda cilolezo. Sipanapite nthawi, mafakitale ena a galimoto ku Ulaya, ku America ndi ku Japan anayamba aimitsa nchito.

Zitsulo za banja limeneli zilipo 17, ndipo miyala yake ipezeka m'maiko ambiri. Mphamvu ya China igona pa luso loyenga, pakuti pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a nchito yoyenga zitsulozi acitika kumeneko.

Citsanzo ndi neodymium, citsulo cimene amasakaniza ndi aironi ndi boron popanga maginito amphamvu a m'mafoni ndi m'galimoto zoyendera magetsi. Citsuloci sicisungunulidwa m'mwala monga mkuwa. Akatswiri amayamba apanga mcere wochedwa neodymium fluoride, m'mene kadontho kamodzi ka neodymium kagwirana ndi timadontho titatu ta fluorine. Mcerewu susungunuka m'madzi. Amausakaniza ndi mcere wina wa lithium fluoride, nautenthetsa kupitirira madigiri 1,000 mpaka ukhale ngati phala. M'phalamo athira ufa woyengedwa wa neodymium, napititsamo magetsi, ndipo citsulo ceni-ceni cisonkhana pansi pa ng'anjo.

Nkhaniyi ikhudza Zambia. Phiri la Nkombwa m'boma la Isoka lidziwika kuti lili ndi miyala ya zitsulozi, monganso mapiri a Kangankunde ndi Songwe ku Malawi. Koma mbiri ya mkuwa yaphunzitsa dziko lino kuti wokumba mwala alandira zocepa, pamene phindu lalikulu litsalira wopanga katundu.

Kuyenga nakonso kuli ndi zoopsa. Fluoride akacuruka m'madzi akumwa amadetsa mano a ana ndi kuononga mafupa a anthu ndi ziweto. Miyala yotere kawiri-kawiri ikhalanso ndi thorium, amene aturutsa ceza coopsa. Mzinda wa Baotou ku China uli ndi dziwe lalikulu la zinyalala za nchitoyi.

Cotero, akadza ofuna kukumba, mafumu ndi anthu a m'midzi ayenera kufunsa kumene mwala ukayengedwe, amene adzaphunzitsidwa nchitoyo, ndiponso amene adzapima madzi a m'zitsime caka ndi caka. Mayankho ake alembedwe m'pangano khasu lisanagwe pansi.