Ana a matchona awerenga chiyani?

Sabata yatha mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Fomu 2, adandibwezera buku lomwe ndidamubwereka, Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Nditamufunsa ngati lamukomera, adati, "Lakoma amalume. Koma mulibe lina lokamba za mwana amene bambo ake ali ku Joni?"

Ndidasowa choyankha. Bambo ake adapita ku Johannesburg iye ali Sitandade 3, ndipo chichokereni amangowaonera pa WhatsApp.

Kuno ku Chintheche nkhani yotereyi si yachilendo. Chikhazikitsireni mishoni ya Bandawe mu 1881, anyamata ophunzira a kuno akhala akupita ku Halale ndi ku Joni kukasaka ntchito. Clements Kadalie wa ku Chifira adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo adamwalirira konko, ku East London, mu 1951. Mbiri ya opita timaidziwa. Ya ana otsala pakhomo adailemba ndani?

Alembi athu akale nkhani ya banja sadaiiwale. Nthondo, buku la Samuel Josia Nthara la mu 1933, limatsatira mnyamata yemwe bambo ake adamwalira, nalowerera, napita kutali kukagwira ntchito, kenako n'kubwerera kwawo. Mwa Gwengwe, dyera la chuma likuchititsa munthu kupha mbale wake panjira yobwerera kumudzi. Onsewa adaona kuti ulendo ndi ndalama ndizo zimayesa chibale.

Mayesowo alipobe, angosintha malaya. Pitani ku Kande kapena ku Mpamba mukaone. Agogo akulera zidzukulu zinayi. Ndalama zotumizidwa kuti amangire nyumba zayambanitsa apongozi ndi mkamwana. Mtsikana wasiya sukulu kuti azithandiza mayi kuyanika usipa chifukwa foni ya bambo idasiya kulira. Komanso alipo amalume amene akulipira fizi ya ana osabereka okha, popanda wowaombera m'manja. Umodzi wa banja ndi umenewo, ngakhale anthuwo sakugona denga limodzi.

Mwana akawerenga za mnzake wonga iye, amadziwa kuti sali yekha. Amapezanso mawu otchulira zimene zikumuwawa, zomwe sangayerekeze kunena pamaso pa akulu. Akazisowa m'buku amakazisaka kwina, ndipo ambiri amaganiza kuti mankhwala ake ndi pasipoti basi.

Pempho langa kwa alembi, kuphatikizapo a bungwe la Malawi Writers Union, ndi ili: tilembereni nkhani za achinyamata zochitikira m'mbali mwa nyanja muno. Koma chonde musalalike. Mwana wa lero akangomva fungo la ulaliki amatseka buku. Bamboyo asakhale chilombo, mayiyo asakhale mngelo. Tionetseni mkangano weniweni, ndi mtengo wake wa kukhululukirana. Akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola, koma mwana amafuna aone fupalo likuyesedwa kuti akhulupirire.

Makolo nafenso tili ndi mbali yathu. Buku limene mwana wabwera nalo kusukulu, tiyeni timuuze atiwerengere madzulo nsima ya kondowole ikupsa, kenako tikambirane.

Mphwanga uja ndamugulira kope ndi bolopeni. Ndamuuza kuti buku akulifunalo aliyambe yekha. Dzulo adandionetsa tsamba loyamba. Likuyamba ndi mnyamata ataima pa siteji, akuwerenga mabasi ochokera kummwera.