Wogula RV aphunzitsidwe kubweza chipinda ndi manja asanalandire makiyi

Wogulitsa galimoto zanyumba, zimene kuno ku America amati RV, asamapereke makiyi kwa wogula mpaka wogulayo atabweza yekha chipinda chotuluka popanda kudina batani la pakhoma. Ndikunena kubweza ndi manja, thukuta lili kamukamu, wogulitsa ataima pambali kumuuza pogwira. Ine ndimakonza galimoto zimenezi kumpoto kwa Indiana. Zida zanga zimakhala kumbuyo kwa galimoto, ndipo ndimalondola anthu kumene zawavutira. Mafoni ambiri a Lamlungu m'mawa m'nyengo yotentha amakhala a nkhani imodzi: chipinda chinatuluka bwinobwino Lachisanu, lero chakana kulowa, ndipo oyang'anira malo ogona akufuna malo awo pofika masana.

Owerenga a kumudzi mwina simunaionepo. RV ndi nyumba ya matayala, muli bedi, khitchini, bafa ndi chimbudzi. Zina zili ndi injini yakeyake, zina ndi ngolo zochita kukokedwa. Pamisewu ikuluikulu ya kuno galimoto siyenera kupitirira mainchesi 102 m'lifupi, omwe ndi pafupifupi mamita 2.6, ndiye banja la anthu asanu likhoza kumapondana zala m'menemo. Opanga anaboola khoma n'kulowetsapo bokosi lalikulu lokhala ndi sofa, tebulo, nthawi zina firiji yomwe. Mukamayenda bokosilo limakhala mkati. Mukaima n'kudina batani, limatuluka kunja, lina pafupifupi mita yathunthu, ndipo pabalaza pamatambasuka. Kampani ya Newmar ya ku Nappanee ndiyo imatchulidwa kuti inayamba kuika chipinda chotere choyendera magetsi cha mu 1990. Lero RV yokhala ndi zipinda zotuluka zitatu kapena zinayi sidabwitsa aliyense.

Nkhaniyi imatikhudza Amalawi kuposa momwe mungaganizire. Ku South Bend ndi madera ozungulira tilipo ambiri, ndipo Elkhart, kumene kuli chimake cha ntchito yopanga ma RV, ndi ulendo wa theka la ola pagalimoto. Pa ma RV khumi alionse opangidwa m'dziko lino, pafupifupi asanu ndi atatu amachokera ku Indiana. Mu 2021, Covid-19 itachititsa anthu kuopa ndege ndi mahotela, mafakitale anatulutsa ma RV 600,240 malinga ndi bungwe la RV Industry Association. Pofika 2023 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 313,174. Ambiri amene anagula nthawi ya mliri anali asanakhalepo nayo RV chibadwire, ndipo tsopano akuzigulitsa motchipa. Ena mwa ogula kachiwiriwo ndi abale athu, amene akufuna kupita ndi ana kunyanja ya Michigan osalipira hotela.

M'bale wina wotere anandiimbira tsiku lina ali kumalo ogona kufupi ndi nyanjayo. "Achimwene, mota yapsa. Mubwere ndi yatsopano, ndalama sivuto." Ndinamufunsa ngati magetsi a m'nyumbamo amazilala akadina batani. Anati eya, amachita ngati akufuna kuzima. Ndinamuuza kuti alumikize waya wa ngolo yake ku galimoto yokokera, alize injini kwa kanthawi, kenako ayesenso. Chipinda chinalowa ine ndisanavale n'komwe nsapato. Batire inali itatheratu chifukwa usiku wonse chotenthetsera m'nyumba chinkaidya, iwo ali mtulo.

Mota za zipinda zimenezi zimayendera batire ya mavoti 12, ndipo zimakoka mphamvu yambiri nthawi imodzi chifukwa zikukankha katundu wa makilogalamu mazana angapo. Batire yofooka imathabe kuyatsa nyali ndi kuliza wailesi, n'chifukwa chake mwini galimoto amalumbira kuti magetsi alipo. Koma ikafika pa mota imangobuula, chipinda chimasuntha pang'ono n'kuima. Pa ntchito zimene ndimaitanidwira, batire, fyuzi ndi waya wochita dzimbiri zimaposa kutali mota zakufadi. M'ma RV ambiri okhala ndi injini muli chinanso: chipinda sichiyenda ngati buleki ya manja sinakokedwe. Munthu amatha kulipira madola opitirira 100 kuti ndibwere ndidzamukokere buleki. Ndalamayo ndimalandira, sindinama, koma sindikondwera nayo.

Tsono kuti munthu adziwe chochita, ayenera kudziwa kaye kuti chipinda chake chimakankhidwa ndi chiyani, ndipo apa ndi pamene ogulitsa amalephera. Mitundu yodziwika ilipo inayi. Wina uli ndi mikono yachitsulo ya manomano pansi pa chipinda, giya imayenda pa manowo, ndipo mtanda umodzi umalumikiza mbali ziwirizo kuti ziziyendera limodzi. Pa mtandawo pamakhala kabauti kopangidwa dala kuti kazithyoka chipinda chikakakamira, kuteteza mota. Kakathyoka, mbali imodzi imayenda, inayo imatsala. Mtundu wachiwiri umakoka ndi zingwe zachitsulo, monga Accu-Slide ya kampani ya BAL, ndipo zingwezo pakapita nthawi zimakhwefuka, zimafuna kukungidwa mofanana. Wachitatu ndi wa pampu ya mafuta, umene umapezeka m'ma RV akuluakulu; vuto lake limadziulula lokha ndi dontho lofiira pansi pa galimoto.

Wachinayi ndi umene ndimaugwira kwambiri. Ndi wa Schwintek, wopangidwa ndi Lippert ya ku Elkhart. Mukayang'ana m'mbali mwa chipinda chotuluka mumaona njanji za aluminiyamu zokhala ndi mano, ina m'mwamba ina m'munsi, mbali zonse ziwiri. Mota zake ndi ziwiri zazing'ono, zobisika mkati mwa khoma pamwamba, ina kumanja ina kumanzere. Palibe mtanda wozilumikiza. Chimene chimaziyendetsa limodzi ndi kabokosi ka magetsi kamene kamawerenga kuzungulira kwa mota iliyonse. Ubwino wake ndi woti ndi wopepuka ndipo sudya malo pansi. Koma uli ndi khalidwe limene mwini wake ayenera kuuzidwa tsiku loyamba: chipinda chikafika kumapeto, musamachotse chala pa batani nthawi yomweyo. Gwiranibe kwa masekondi angapo mpaka mota zitazima zokha. Pamenepo m'pamene kabokosi kamadziwa kuti mbali zonse zafika ndipo kamayambanso kuwerenga pofanana. Munthu wachangu amene amasiya batani pakatikati, lero pang'ono mawa pang'ono, amadzadzidzimuka tsiku lina chipinda chikutuluka chopendekera, mbali ina yatsogola, inayo ikukhuta pakhoma. Akakakamiza, pansi pa njanji pamayamba kugwa timafumbi tonyezimira ta aluminiyamu. Ndikafika n'kupaka chala pamenepo chala n'kutuluka chotuwa, ndimadziwa kuti mano adyeka kale ndipo ntchito yaing'ono yasanduka yaikulu.

Amene munakwerapo Sienta zija zonyamula anthu ku Lilongwe ndi ku Blantyre mukudziwa chimene chimachitika ndi chitseko cha magetsi okwera akamachikoka mwamphamvu chisanamalize kutseguka chokha. Chingwe chake chimaduka, dalaivala amazimitsa magetsiwo, chitseko chimabwerera ku manja. Kusiyana kwake n'kwakuti Sienta ya chitseko chovuta imayendabe. RV ya chipinda chotuluka siingalowe mumsewu. Mwatsakamira pomwepo, inu, ana, ndi ntchito ya Lolemba.

Komatu mitundu yonse inayi ili ndi njira yobwezera chipinda magetsi akakanika, ndipo opanga anailemba m'mabuku awo. Wa mikono ya manomano nthawi zambiri uli ndi pamene mumalowetsa chopukusira kapena sipanala n'kuzunguza. Wa pampu umafuna kutsegula mavavu kenako kuzunguza mota ya pampu ndi choboolera cha batire. Wa Schwintek uli ndi batani pa kabokosi kaja limene mukalidina motsatira ndondomeko yake kabokosi kamasiya kuwerenga, mota n'kuyenda mwa mphamvu zokha. Nyali zake zofiira ndi zobiriwira zimaphethira mowerengeka kukuuzani kuti vuto lili pa mota iti. Zikakanikabe, mumamasula kasikuluwu kogwira mota iliyonse, n'kuikweza pang'ono kuti ichoke pa giya, kenako amuna atatu kapena anayi amakankha chipindacho ali panja, mofanana mbali zonse. Chikalowa, muyenera kuchitchinga ndi matabwa mkati kuti chisatuluke pokhota, chifukwa mota zimene zimachigwira mwazichotsa. Palibe chovuta kwenikweni pa zonsezi. Chovuta ndi kuziphunzira koyamba mvula ikugwa, foni ili ndi netiweki ya kadontho kamodzi, mayi a kunyumba akukuyang'anani ndi diso lija.

Ogulitsa amakhala ndi mwambo woyenda ndi wogula kumuonetsa zonse asananyamuke. Ndaimapo pambali kumvetsera. Amatha nthawi yaitali pa kanema, pa nyali zosintha mitundu, pa chihema chotambasuka cha pakhomo. Akafika pa chipinda chotuluka amangoti ili ndi lotulutsira, ili ndi lobwezera, basi. Wogula amagwedeza mutu, mtima uli kale kunyanja.

Ndikudziwa zimene ogulitsawo angayankhe. Adzati wogula wosadziwa akayamba kumasula mota awononga zambiri, mlandu n'kubwerera kwa iwo. Adzatinso ogula ambiri ndi achikulire opuma pantchito, sangagwade pansi pa galimoto. Mfundo yachiwiriyi ndimaimva. Ndakumanapo ndi agogo amene maondo sawalola n'komwe kutsika masitepe a RV yawo mwachangu. Koma ngakhale agogo oterowo akadziwa pamene pali kabokosi ndi pamene polowetsa chopukusira, amatha kuuza mnyamata wa pa malo oyandikana nawo kuti mwanawe, gwira apa. M'malo ogona amenewa anthu amathandizana kwambiri, chimene chimasowa ndi munthu wodziwa poyambira. Ponena za kuwononga, zowonongeka zimene ndimaona ine zimachokera kwa anthu amene sanaphunzitsidwe chilichonse, amene anangodina batani mobwerezabwereza mpaka giya kulira, kapena anamanga lamba kuchipinda n'kukoka ndi galimoto.

Palinso nkhani ya nthawi. M'miyezi ya June ndi July magalaja a ma RV amadzaza, ndipo munthu amadikira masabata angapo kuti galimoto yake ingoyang'anidwa. Makaniko ndi ochepa, mwakuti makampani eni ake anatsegula sukulu ya RV Technical Institute ku Elkhart mu 2019 pofuna kuchulukitsa amisiri. Nyengo yotentha kuno ndi yaifupi. Banja limene lataya mwezi wa July likudikira kabauti ka madola ochepa lataya pafupifupi theka la chaka chake chokayenda, ngongole ya kubanki ikuyendabe mwezi ndi mwezi.

Sikuti mlandu wonse ndi wa ogulitsa. Eni galimoto nawonso amatulutsa chipinda galimoto isanakhazikike mowongoka, pamene buku la ma RV ambiri limati yambani mwaiwongola ndi majeke. Chimango chikapotoka pang'ono, bowo la pakhoma limapotoka nalo, ndipo bokosi lowongoka silingadutse bwino pa bowo lopotoka. Ena amabweza chipinda osakwera kukasesa padenga pake, ndiye timitengo ndi masamba zimalowa m'mphira zotchinga madzi n'kuzing'amba. Ena amapaka girisi wonenepa pa njanji poganiza kuti akuchita bwino, girisiyo n'kumata mchenga wa kunyanja umene umapala mano ulendo uliwonse. Ena amaiwala chitseko cha kabati chotsegula mkati, chipinda n'kuchithyola polowa.

Choopsa kuposa zonse ndi madzi, ndipo amene mukufuna kugula RV yakale mverani apa. Mphira ikang'ambika pakona, madzi a mvula ndi chipale chosungunuka amalowa pang'onopang'ono m'thabwa la pansi pa chipinda. Kunja simuona kanthu. Gwadani, lowetsani dzanja pansi pa chipinda chitatuluka, dinikizani chala chachikulu m'makona onse. Thabwa labwino limakana. Lowola limabonyoka, nthawi zina limasiya chinyontho chakuda pachala. Likatero, timawilo timene timanyamula chipinda timamira m'thabwalo, chipinda chimatsika mbali imodzi, ndipo mota iliyonse yatsopano imene mungaikemo idzafa imfa yomweyo. Kusintha thabwalo kumafuna kuchotsa chipinda chonse pakhoma, ntchito imene mtengo wake nthawi zina umayandikira mtengo wa ngolo yakaleyo. Wogulitsa akakuuzani kuti batire yatha ndiye sangakuonetseni chipinda chikutuluka, bwerani ndi batire yanu. Akakanabe, kwerani galimoto yanu muzipita. Ngati zonsezi zikukuopsani, ma RV opanda chipinda chotuluka alipo, monga ngolo zambiri za Airstream za ku Ohio, kungoti mudzapondana zala ndithu.

Opanga nawonso ndili nawo pempho, ndipo silingawadyere ndalama. Kabokosi koyendetsa mota kaja sikakhala pamalo amodzi. Ndakapezapo pansi pa bedi, kuseri kwa madirowa a m'khitchini, m'chipinda cha katundu cha kutsogolo, ndiponso kuseri kwa thabwa lokhomedwa ndi masikuluwu limene palibe chizindikiro chilichonse. Pa ma RV ena ndimatha nthawi yambiri ndikusaka kabokosiko kuposa imene ndimatha kukonza vuto lenilenilo, ola likuwerengedwa kwa mwini wake. Pafupi ndi khomo la RV iliyonse pamakhala kale zomata zochenjeza za gasi, za matayala ndi za kulemera kwa katundu. Amatepo chinanso chimodzi pambali pa batani, cholembedwa mtundu wa makina a chipindacho, pamene pali kabokosi kake, ndi saizi ya sipanala yofunika.