Atambala Asanu M'khola Limodzi

Anzanga amene muli m'gulu losamala nkhuku mudziwa kale zimene ndifuna kunena. M'khola mwathu muli atambala asanu, koma nkhuku zazikazi ndi 18 zokha, ndipo tsiku lililonse imakhala nkhondo. Loweruka lapitali ndinapeza katambala kofiira kaja katabisala pangodya, mutu uli magazi okhaokha. Kakati kayandikire madeya, anzake amakapirikitsa. Zazikazinso zikuzunzika: nthenga za pamsana zinasosoka chifukwa chokwereredwa kosalekeza, ndipo mazira achepa.

Ena akuti tikachotsa atambala, mazira adzatha. Iai, si zoona. Thadzi limaikira ngakhale palibe tambala. Tambala afunika pokhapokha tifuna kuti mazira aswe anapiye, ndipo mmodzi akwanira zazikazi ngati khumi. Tsono ife awiri atikwanira.

Akuluakulu amati atambala awiri salira m'khola limodzi, koma ine kwathu ndinaona awiri okulira pamodzi akukhala bwino, wamng'ono akupatsa njira wamkulu. Kumudzi wogonja ali ndi kothawira. Muno adzathawira kuti, popeza waya wazinga ponseponse?

Chifukwa chake ndipempha aphunzitsi athu a zaulimi kuti tisunge awiri aja akuda a Mikolongwe, ndi kuika zodyera ziwiri motalikirana. Atatu otsalawo tiwamangire khola lawolawo kumene sadzaona zazikazi, pakuti potero ndewu imachepa. Ngati mitengo ndi waya zisowa, aphiki ali ndi mpeni, ndipo ife nyemba tadya mokwana chaka chino.