Kangaude woyenda pa madzi ndi mlonda wa mpunga wanu

Mlimi wa mpunga ku Karonga, ku Nkhotakota kapena ku Mongu amadziwa kuti akangothirira munda, tizilombo tambiri toyenda pansi timathawa kapena kumira. Koma kangaude amatsala, n'kumathamanga pamwamba pa madzi ngati ali pabwalo. Kodi chimam'gwira n'chiyani, nanga zikukhudza bwanji nkhokwe zathu?

Pamwamba pa madzi odekha pamakhala ngati kachikopa kopyapyala, chifukwa timadontho ta madzi timagwirana tokhatokha. Miyendo ya kangaude ili ndi ubweya wosanyowa, ndipo thupi lake ndi lopepuka. Choncho akaponda, mwendo suboola kachikopako koma umangopanga kadzenje. Akangaude osodza, monga a mtundu wa Dolomedes ndi a Nilus amene amapezeka muno mu Africa, amakankha timaenjeti cham'mbuyo ndi miyendo yapakati, monga achitira mwini bwato ndi nkhafi. Akaopsedwa amadumphadumpha, kapena kubisala pansi pa madzi atakutidwa ndi mpweya wokodwa mu ubweya wawo. Mu 2014, Martin Nyffeler ndi Bradley Pusey adalemba kuti akangaude ogwira tinsomba amapezeka m'zigawo zonse za dziko lapansi kupatula Antarctica.

Ena amayenda ndi mphepo. Mu 2015, Morito Hayashi ndi anzake adayesa akangaude 325 a mitundu 21 ku Britain, ndipo adaona kuti ambiri akagwera pa madzi amakweza miyendo kapena mimba m'mwamba kuti mphepo iwakankhe ngati ngalawa, ndipo ena amataya ulusi m'madzi pofuna kuchepetsa liwiro. Ngakhale akangaude akuluakulu aubweya okhala m'maenje, otchedwa tarantula, amayandama madzi akasefukira n'kupalasa mpaka kumtunda.

Luso limeneli ndi limene limathandiza kangaude kufika msanga m'munda wodzala madzi, mbewu zikadali zanthete, n'kuyamba kudya tizilombo toyamwa madzi a mu phesi la mpunga tisanaswane. Iye sadya tsamba kapena ngala; ndiwo yake ndi tizilombo basi.

Dziko la Indonesia lidaphunzira izi movutikira. Alimi atazolowera kupopera mankhwala kawirikawiri, akangaude ndi adani ena a tizilombo adafa, pamene mazira a kachilombo koyamwa mpunga adapulumuka m'kati mwa mapesi. Atatswa, kachilomboko kadachuluka popanda wokaletsa ndipo kadawononga minda yambiri. Mu 1986 Pulezidenti Suharto adaletsa mitundu 57 ya mankhwala pa mpunga, ndipo mu 1989, mothandizidwa ndi bungwe la FAO, kudayamba sukulu za alimi zochitikira m'munda momwemo. Limodzi mwa maphunziro ake oyamba lidali kusiyanitsa kachilombo kowononga ndi kothandiza.

Nanga ife tichitenji? Choyamba, musanagwire mpope, lowani m'munda m'mamawa, werama n'kugwedeza tsinde la mpunga. Mukaona akangaude akubalalika pa madzi, dziwani kuti alonda alipo kale. Funsani mlangizi musanapopere. Chachiwiri, siyani udzu pang'ono m'migula ndipo musatenthe mapesi onse mukakolola, pakuti ndi m'menemo m'mene amabisala podikira dzinja lina. Chachitatu, musachapire zovala kapena kutsukira mpope m'ngalande yothirira. Sopo amafooketsa kachikopa ka pamwamba pa madzi kaja, ndipo kamoyo kamene kamadalira kachikopako kamamira.

Kwa inu alangizi ndi atsogoleri a makalabu, phunziro ili silifuna ndalama. Beseni la madzi, kangaude mmodzi wa m'munda ndi dontho la sopo ndi zokwanira kuti alimi aone ndi maso awo. Mlimi amene wazindikira bwenzi lake m'munda sawononga ndalama kugula mankhwala oti aphere wantchito amene amam'gwirira ntchito usana ndi usiku popanda malipiro.